Zilembo Zokhala ndi Mapazi

Ndikadali nalo pepala lija lakuda, lolimba ngati pulasitiki, la chithunzi cha m'chifuwa chojambulidwa kuchipatala. Ukalikweza kudzuwa umaona nthiti, ndipo pakati pa nthitizo pali zilembo zoboola ndi lezala.

Amalume, achimwene awo a amayi, ankalemba zikwangwani ku Madzimoyo. Ankaboola zilembo pa mapepala oterewa, n'kuwagoneka pakhoma, n'kumadinda ndi siponji yoviika mu penti. Anali ndi zilembo zamitundu itatu. Zonenepa zinali za magolosale. Zopendekeka ngati zikuthamanga zinali za malole opita ku Mwami. Ndiye panali zina zowonda, zoima njo, chilichonse ndi timapazi take pansi. Zimenezi ankalembera pa mitanda ya kumanda basi.

Chaka chimene ndinali giredi seveni, aphunzitsi anati tipange magazini ya kalasi, ndipo zolemba mutu wa pachikuto anandipatsa ine. Kudzimva kwake! Zilembo zonenepa ndinazikana, zinkandikumbutsa sopo ndi mchere. Mtima wanga unali pa zamapazi zija, chifukwa zinkaoneka zaulemu ngati za m'buku la kutchalitchi.

"Izo si za anthu oyenda," ankatero amalume, osandiyang'ana n'komwe.

Inali nyengo yozizira, mtedza uli mbwee pabwalo, m'nyumba mukununkha penti ndi palafini wotsukira maburashi. Mapepala akuda aja, omwe kale ankachita kupempha kwa odwala ena, anayamba kuchuluka. Ulendo uliwonse wa kuchipatala ku Chipata amalume ankabwera ndi envulopu yaikulu yakhaki, ine n'kumawachingamira ndikudumphadumpha. Ankatsokomola mpaka kugwira khoma. Kapu yawo amayi ankaitsuka payokha. Zonsezi ndinkaziona, koma mutu wanga unadzaza chikuto cha magazini.

Masana ena anandiitana kuseri kwa nyumba. Anali ataboola pepala latsopano, zilembo zamapazi zitamwazikana uku ndi uku, m'mbali mwake mosasalala chifukwa mphamvu zinali zitayamba kuwathera. Anandipatsa thabwa ndi siponji.

"Usakhutitse penti, iwe. Ikachuluka imayenderera ngati misozi. Dinda, usapake."

Ndinadinda, anandibweza. Ndinadindanso. Sabata yonse zinali zomwezo, iwo atakhala pa chitini atafunda bulangeti, ine zala zili bii. Amayi akatipeza ankangotembenuka n'kubwerera kukhitchini.

Nditayesa kulemba mutu wa magazini ndinapeza kuti zilembo zambiri palibe. Ndinawapempha aboole zotsalazo.

"Zimene zilipozi zikwanira," anatero.

Ndinakwiya kwambiri. Ndinkaona ngati andinamiza, andigwiritsa ntchito yaulere. Chikuto ndinachilemba ndi zilembo za malole, aphunzitsi anayamikira, ndipo magaziniyo sindinawaonetse amalume dala. Ankandifunsa kuti yatuluka bwanji, ine n'kumayankha kuti bwino, ndikudutsa.

Anamwalira mphepo ya Ogasiti itayamba kuulutsa fumbi. M'mawa wa tsiku loika maliro, azibambo anakhoma mtanda wamatabwa, n'kuyamba kufunsana kuti alembe ndani, poti wolemba uja ndi amene wagona m'nyumbamu. Amayi anatuluka pakati pa azimayi olira, anandigwira dzanja, n'kundipatsa pepala lakuda lija ndi siponji.

Ndinagwada pansi ndikuyamba dzina la amalume, chilembo chimodzichimodzi, ndikusuntha nthiti zawo pathabwapo. Palibe chilembo chinasowa. Palibenso chinatsala chosagwira ntchito.

Tanthauzo la zimenezi ndinadzalimva patapita zaka. Tsiku limenelo ndinangoona kuti penti sinayenderere ngakhale pamodzi, zilembo zonse zaima bwino pa timapazi take. Ndinadzuka monyadira, n'kucheukira pa chitini paja kuti amalume aone.