Foni ya Amayi a ku Chelstone M'dirowa Yanga

Ofesi yathu inali m'tauni, pamwamba pa shopu ya nsapato, ndipo ntchito yathu inali kusunga mayina a mamembala a bungwe lina la aphunzitsi opuma. Webusaiti inali ndi pasiwedi yake, imelo yakenso, kaundula wa mamembala yakenso. Zonsezo tinazilemba pa kapepala n'kumata kunsi kwa thireyi ya makapu a tiyi. Aliyense ankalowa m'dzina la mnzake, ndipo palibe ankadandaula.

Kapepalako ine kankandithandiza kubisa chinthu. Amayi amene ndinkakhala nawo tebulo limodzi, a ku Chelstone, maso awo anali atayamba kuchita nkhungu. Kunatsala zaka ziwiri kuti apume pa ntchito mwaulemu, ndipo abwana akanadziwa za masowo akanawapumitsa msanga. Choncho ntchito yawo ya pa kompyuta ndinkaigwira ine m'dzina lawo, iwo akuyankha mafoni ndi kulandira alendo, zimene ankazitha kuposa tonsefe.

Kenaka kunabwera mayi wina wa ku Kabulonga, dera la anthu olemera, makiyi a galimoto ali m'manja nthawi zonse, kudzakonza webusaitiyo.

"Manje pasiwedi izankala imozi chabe," anatero. "Mukangena kamozi, vonse vaseguka. Koma nambala yongenela nayo izayamba kubwela pa foni yanu, osati ya munzanu."

"Nanga wamene azaona vonse ni ndani?" ndinafunsa.

"Ba bwana. Pa peji imozi bazaona aliyense, na nthawi yamene angena."

Sindinamukhulupirire ngakhale pang'ono. Munthu angachoke ku Kabulonga kudzangofewetsa ntchito ya ife a ku Kabwata? Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Mumtima ndinati apa akufuna kuchotsa anthu, ndipo mayiyu ndiye watumidwa kudzasankha. Akadutsa ndinkatembenuza kompyuta. Akandipatsa moni ndinkayankha mofupikitsa. Tsiku lina anabweretsa masikono, ine osadya.

Njira tinaipeza msanga. M'mawa uliwonse amayi a ku Chelstone aja ankaika foni yawo m'dirowa yanga. Nambala ikabwera ndinkasuzumira, n'kulowa m'dzina lawo. Miyezi itatu inatha chonchi, mpaka ndinayamba kudziyesa wochenjera.

Lachinayi lina kunali maliro a membala wathu wakale ku Chelstone. Amayi aja anapita, poti anali a mpingo umodzi ndi malemuwo, ndipo foni anali ataiiwala m'dirowa dzulo lake. Ine ndinatsala mu ofesi. Nditaona ntchito yawo itaunjikana, ndinati ndiwapepuzeko. Ndinalowa m'dzina lawo n'kugwira mpaka masana, mtima uli m'malo. Sindinadziwe kuti abwana nawonso anali kumaliro komweko, ndipo anawatenga amayiwo pa galimoto yawo mpaka kumanda.

M'mawa mwake abwana anatiitana tonse awiri, natembenuzira kompyuta kwa ife.

"Ba mayi, mailo tenze pamozi ku manda. Manje uyu wamene enze kusebenza mu zina yanu ni ndani? Belengani mweka apa."

Amayi aja anawerama kuti awerenge. Anasendera, nasenderanso, mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda galasi. Abwana anasiya kuyang'ana kompyuta n'kuyang'ana iwo. Manyazi amene ndinamva pamenepo sindinawamveponso.

"Uyu mwana alibe mulandu," anatero amayiwo. "Ni maso yanga."

Mwezi utatha anawapumitsa. Kale kuchotsa munthu m'makompyuta athu kunkatenga sabata, mwina n'kuiwalika kumene. Tsikulo abwana anadina kamodzi, ndipo dzina lawo linazima pa webusaiti, pa imelo ndi m'kaundula momwe. Mayi wa ku Kabulonga, amene ndinamulondera miyezi itatu, sanali mu ofesi n'komwe. Sanauze munthu kanthu. Amene ndinaulula ndine, ndi zala zangazi.

Amayi aja analongedza kapu yawo ndi chitenje m'chikwama. Atafika pakhomo anabwerera, naima pa tebulo pathu.

"Mwana wanga, nipaseko foni yanga mu dirowa. Siuzaifunanso."