Mwala Wodikira Galimoto

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, ndimamva fungo la tayala lopsa, fungo limene anzathu ankati kununkha koma ife kwathu ku Bangwe tinkati ntchito. Ankayatsa matayala pathanthwe kuphiri, mwala ukatentha n'kuuthira madzi, kenako n'kumaugogoda ndi hamala, khutu lili pansi ngati dokotala, mpaka utang'ambika m'mapale afulati amene mabwana a ku Namiwawa ankakongoletsera makhonde ndi mipanda.

Luso limeneli anabwera nalo kuchokera ku Mozambique, m'katauni ka migodi kuseri kwa phiri la Mulanje, kumene Apwitikizi ankakumbitsa miyala yoyala m'matchalitchi. Nkhondo inatseka mgodi, ndipo agogo aakazi anaikidwa komweko mothamanga, popanda ngakhale mtanda, agogo aamuna n'kuthawira kuno. Mtendere utabwera, anzawo onse anakwera malole kubwerera kwawo. Iwo anatsala, chifukwa kuseri kwa nyumba anali ataimika mwala umodzi wobiriwira, wotalika ngati chitseko, wa pamanda a mkazi wawo, ndipo a malole anaukana.

Nthawi ya kampeni ya matipate kunabwera bwana wina wofuna uphungu, n'kuuona.

"Madala, uwu ukakhale pakhonde panga. Nenani."

"Uli ndi mwini wake."

"Ali kuti?"

"Akugona. Mudzabwere akadzuka."

Bwanayo atachoka, agogo anandiitana, ndili sitandade faifi. "Iwe wa mabuku, ukamaliza sukulu udzagule galimoto yotsegula kumbuyo. Tidzawapititsire agogo ako chofunda." Ndinavomera ndi nkhope ya nduna yolumbira. Kuyambira pamenepo lipoti langa lililonse ankakalionetsa mwalawo, n'kukhala nawo mpaka dzuwa kupendeka, akulankhula Chilomwe chimene pakhomo panalibenso wochiyankha.

Anamwalira ndili fomu thuu, chifuwa chitadzaza fumbi. Ku koleji ndinapitadi. Ndinakhalako chaka ndi theka, kenako ine ndi maphunziro tinasiyana mwamtendere, popanda kuvutitsa ankhoswe. Galimoto ndimakwera za eni.

Mwala uja amayi anaugoneka, amachapirapo. Akuti palibe wina wochotsa litsiro ngati umenewu. Ndikapita ku Bangwe ndimadikira apite kukayanika, n'kuugogoda ndi chala monga ankachitira agogo pofuna kumva ngati mkati muli mng'alu. Ukadali wathunthu. Ndiye ndimaupempha udikire pang'ono, m'Chichewa, poti Chilomwecho nachonso ndinasiyira panjira.