Kabotolo Kamene Amayi Anatsuka

Amayi anga salola chinthu kutuluka m'nyumba mwawo chisanatsukidwe. Mbale yobwereka amaibweza ikuwala kuposa mmene inabwerera. Kutchalitchi kwathu ku Msumba, zikho za Mgonero amatsuka ndi iwo, ndipo palibe amene amayerekeza kuwalanda ntchitoyo.

Ndiye sabata ino anatsuka chinthu chimene sichinkafuna madzi.

Atate akhala akutupa mapazi chiyambire dzinja, ndipo mkodzo wawo ukuchita thovu. Anali msodzi, likodzo anadwala kangapo ngati anzawo onse, choncho mantha athu ali pa impso. Kuchipatala chathu kwafika anthu ofufuza matenda a impso pakati pa asodzi, ndipo amene walowa m'kafukufukuyo amaonedwanso ndi dokotala wa impso, munthu amene kuno timangomva mbiri yake. Atate anavomera. Namwino Lusia, mtsikana wa ku Maniamba, anawapatsa kabotolo komata m'pulasitiki kuti m'mawa aikemo mkodzo.

Lachiwiri ndinaperekeza amayi kukapereka, poti atate kuyenda kukuwavuta. Lusia atangolandira anakweza mphuno.

"Amayi, kagarafa aka mwakachita chiyani?"

"Ndakatsuka, mwanangu. Ndi sabau, mkati ndi kunja. Chinthu chopita kwa alendo kutali chipite chosatsuka?"

Lusia sanaseke, Mulungu amudalitse. Anatikhazika pabenchi n'kutifotokozera, ndipo ndikuuzani mmene ine ndinamvera.

Ntchito zambiri m'thupi mwathu amagwira ndi mapuloteni, a mitundu zikwizikwi, ndipo ena amatsikira mu mkodzo. Kupima kwakale kunali ngati mbedza, umaponya kufuna nsomba imodzi imene ukuidziwa kale. Makina atsopanowa ndi ukonde wa chilimila, amakokolola zonse. Amaduladula mapuloteni, n'kuyeza kulemera kwa kachidutswa kalikonse, kenako kompyuta imazindikira kuti aka kachokera ku puloteni yakuti. Poona amene achuluka ndi amene asowa, ofufuza akuyembekeza kuti tsiku lina azidziwa kuti impso yayamba kutopa munthu asanatupe mapazi.

Koma makinawo ndi sopo, sabau uja wa amayi, n'paudani. Pakatsalira ngakhale pang'ono chabe, amaphimba mapuloteni aja, makina n'kumangoona sopoyo.

"Galimoto ya bokosi lozizira inyamuka mawa m'mawa kupita ku Lichinga," anatero Lusia. "Mkodzo wa atate ukapanda kukwera nawo, dzina lawo lituluka. Nayi garafa ina. Musaitsuke, amayi, chonde."

Amayi anayang'ana manja awo. Manja amenewo ndawadziwa moyo wanga wonse, koma ndinali ndisanawaonepo akuchita manyazi. Zinandipweteka kwambiri.

Musawaseke amayi anga, inu owerenga, chifukwa nanunso mumatsuka. Ndani mwa ife sanavalepo malaya a Lamulungu popita kuchipatala? Dokotala akafunsa kuti mukumva bwanji, sitiyankha kuti "pang'ono pang'ono" pamene takhala sabata osadya? Tinaleredwa kuti mlendo asaone zonyansa zathu, ndiye matenda timayamba tawapukuta tisanawaonetse. Atate thovu lija analibisa miyezi ingapo, amayi anachita kulitulukira okha.

Koma nanunso akuluakulu a makina ndili nanu mawu. Munauza anthu zoti achite, simunawauze zoti asachite, chifukwa simunaganize kuti pali munthu amene angatsuke botolo lomata. Alipo, ndipo kunyanja kuno ndi ambiri. Makina anu amatha kusiyanitsa tizidutswa tosaoneka ndi maso, zikomo kwambiri, koma ulendo wa kabotolo umayambira m'manja mwa mayi wa ku Msumba amene kwa iye kutsuka ndi ulemu. Muzikhala naye pansi, m'chinenero chake, musanamupatse chinthu.

Lachitatu ndinadzuka n'kupeza amayi akusita kapulana yawo yatsopano, nsalu ija amasungira maukwati. Kabotolo kanali patebulo, atate atatseka okha. Amayi ankakazungulira ngati kali ndi moto. Kenako anakakulunga m'kapulanamo bwinobwino n'kumanga mfundo.

"Mkati ndawasiyira eni ake," anatero. "Kunjaku ndi kwanga."

Galimoto tinaipeza italiza kale injini. Lusia anamasula mfundo, ananunkhiza, anagwedeza mutu, n'kuika kabotolo m'bokosi. Kapulana anaipinda ndi manja awiri n'kuwabwezera amayi atagwada pang'ono. Dzina la atate lakhala, dokotala adzawaona. Ngati impso zidzachira sitikudziwa, ndipo Lusia sanatinamize kuti makina amachiritsa.

Pobwerera, pafupi ndi tchalitchi, amayi anatembenukira kwa ine.

"Iwe wa sukulu," anandiitana, monga amachitira akafuna kundiyesa. "Makina aja akuti amaona zonse. Akaona matenda a atate ako, adzaonanso kuti munthuyu ali ndi womusamala?"

Ndinafuna kunama, koma amayi anga sanamizika. Ndinawauza kuti ayi, makinawo sadziwa n'komwe dzina la munthu.

Anakumbatira kapulana ija pachifuwa.

"Basi," anatero. "Koma mtsikana uja waona."