Phewa la Gesualdo

Kwathu, chiboliboli cha Paulo Woyera timachinyamula pa chikondwerero chake chaka chilichonse, pa phewa losavala, ndipo malo a pansi pa mtengo wonyamulira sagulidwa. Munthu akakalamba amavula mpango wofiira wa m'khosi n'kuumanga m'khosi mwa mwana wake, nkhani yatha. Ine mpango wa bambo anga, a Corrado, ndinaudikira zaka makumi awiri.

Ndiye panali Gesualdo Pantano. Anali mwana wa mmisiri wosula zitsulo, koma nyundo inkamulemera. Litabwera boma lankhanza la a chipani cha malaya akuda, anapeza ntchito ya msinkhu wake: kugwira anthu otsutsa n'kuwamwetsa mafuta otsegula m'mimba pabwalo la tchalitchi. Bambo anga anawamwetsa botolo lathunthu, n'kuwazungulitsa msika wonse atadziipitsira. Ndinaona ndi maso angawa.

Nkhondo yaikulu itatha, boma lija litagwa, malaya ake akuda anasanduka chokolopera, mwini wake n'kusanduka munthu wa Mulungu. Akuti anagwa pa bulu pochokera ku munda wa azitona, anagona masiku atatu, podzuka n'kumalirira machimo ake. Pa bulu! Ngakhale kutembenuka mtima anachita kubera Paulo, kungoti kavalo analibe. Anayamba kusesa m'tchalitchi, kukumba manda ulere, kukhala pa benchi yakumbuyo ngati nkhuku yonyowa. Moni panalibe womupatsa. Ine akamadutsa ndinkalavula, ndipo sindinkaphonya tsiku.

Chaka chomwe mawondo a bambo anakana, m'mawa wa chikondwerero, onyamula tonse tinasonkhana pakhomo la tchalitchi. Ine malaya ndinali nditavula kale.

"Turi, tamuitana Gesualdo," anatero bambo.

"Adzatani, bambo? Mwasowa botolo lina?"

Anthu anaseka. Bambo sanaseke. Gesualdo anabwera ndi tsache lake m'manja. Bambo anamasula mpango n'kumumanga m'khosi.

"A Corrado, ine ayi," anatero Gesualdo. "Mukudziwa zimene ndinakuchitani."

"Ndikudziwa bwino, mimba inali yanga. Vula malaya, achimwene."

Achimwene! Mtima wanga unachita kuwira. "Bambo, mwapenga? Galu ameneyu anyamule woyera wathu?"

"Woyera wakoyo anayamba ndi ntchito yanji, Turi? Si kumanga anthu? Wina amene ankamuopa ndi amene anapita kukamusanjika manja. Ine ndatopa kumuona munthuyu m'maloto."

Ine anandipatsa nsalu ndi botolo la vinyo, ntchito yotsuka mapewa a onyamula akachubuka. Ndinayenda kumbuyo kwake ndikupemphera kuti agwe. Phewa lake losazolowera linang'ambika tisanafike pachitsime, magazi n'kumayenderera mpaka m'chiuno. Munthuyo sanagwe, sanapemphe n'komulandira komwe.

Titaima kuti apume, ndinamuthira vinyo pachilonda mosanyengerera, n'kupukuta ngati ndikukwecha mphika. Ndinkafuna akuwe kuti mudzi wonse umve. Anangoluma mano.

"Zikomo, Turi," anatero.

Ananyamula zaka zisanu ndi zinayi. Mwana analibe, mkazi anamuthawa kalekale. Ali pafupi kufa anandiitanitsa, ine ndinakana kupita. Mpango anautumiza kwa ine ndi wansembe, utachapidwa bwino, utapindidwa panayi.

Panopa ndimanyamula ndine, pamalo a bambo anga. Pamtengopo pali banga lakuda la magazi ake. Ndayesa sopo, ndayesa mchenga, lakana, ndipo chaka chilichonse phewa langa limakhala pomwepo.