Chitupa cha Achimwene M'gemu ya Mdzukulu Wanga

Pa St Mary's pano palibe wosandidziwa. Ndikatsokomola m'nyumba, amayi ogulitsa tomato pamphambano amati mdala uja wadzuka. Kutchalitchi sandipatsa chokuzira mawu, akuti ndingachiphulitse. Sukulu ndinalekera pa zilembo, ndipo izi ndikulemba pang'onopang'ono m'kope la ana, koma kukamba nkhani ndiye palibe wondiposa. Ulendo wanga wapansi wochokera kwathu ku Dedza mpaka kuno kudziko la Ashona ndaukamba m'maliro, m'maukwati ndi m'maminibasi aja timati makombi, moti ena amaudziwa kuposa mwini wakene.

Nchifukwa chake sindinadabwe pamene mdzukulu wanga, wobadwa kwa mwana wanga wamkazi wa ku Nyatsime, anafika ndi kompyuta yake nkunena kuti akufuna ulendowo. Ndi mtsikana wamkulu, anamaliza koleji. Ntchito yake ndi kupanga magemu, masewera aja anthu amadinadina pafoni m'kombi mpaka kupitirira potsikira. Chichewa amamva chonse, koma poyankha chimatuluka chosakanikirana ndi Chishona.

"Sekuru, ndikufuna kupanga gemu ya munthu woyenda pansi kuchoka ku Malawi. Munthuyo ndinu."

"Wachedwa nazo," ndinatero. "Khala pansi."

Ndinamukambira masiku atatu. Za bwato la pa Zambezi, za mkango umene unatitsatira, za kapitawo wa pafamu amene ndinamunyamula ndi dzanja limodzi. Patatha mwezi anabwera nako kamunthu kovala kabudula wa khaki, katanyamula phukusi pandodo, kakuyenda pafoni. Chifuwa anakapatsa chachikulu, ndipo ine ndinakondwa. Koma mwini wake nkhope inali yakugwa. Anati anapatsa anzake kuti ayese, onse anaisiya panjira.

"Akuti ikutopetsa, Sekuru."

"Ulendo wanga utopetse? Iwowo anayendapo kuti, kupatula kumashopu kokagula tchipisi?"

"Vuto ndi lakuti munthu wanuyu saopa kanthu. Mkango akuuthamangitsa, ng'ona akuilumpha. Wosewera amafuna adziwe chimene munthuyu ataye akalakwitsa. Gemu imayambira pamenepo: ameneyu ndani, akufuna chiyani, chikumusowetsa mtendere nchiyani. Inu mwandipatsa miyendo yokha."

Ndinamuuza kuti awonjezere mikango. Anaseka nkumapita.

Sabata yotsatira anandipeza pakhonde ndikumwa tiyi. Sanakhale nkomwe pansi.

"Ndachipeza, Sekuru. Munthu uja ayende ndi chitupa cha munthu wina. Cha mkulu wake. Paliponse pali wapolisi, azikumbukira kuti dzina lake si lake."

Tiyi uja anandilowera pena. Ndinatsokomola mpaka misozi, iye nkumandimenya pamsana.

Apa ndinene zoona, popeza kope silithamanga nazo kumsika. Dzina limene ndimadziwika nalo kuno ndi la achimwene anga. Iwo ndiwo anayamba kubwera kuno, anagwira zaka ziwiri pafamu ya fodya, nkubwerera kumudzi kukapuma chifukwa cha chifuwa. Ntchito yawo inkawadikira. Chitupa chawo, chipepala chimene munthu wobwera sakanayenda kapena kulembedwa ntchito popanda icho, chinali m'bokosi lamalata. Ine ndinali wamng'ono, aboma sakanandipatsa changa. Mmawa wina achimwene atapita kudimba, ndinatsegula bokosi lija. Sindinatsanzike aliyense. Chitupacho chinalibe chithunzi, chinali ndi chidindo cha chala basi, ndipo palibe ankayang'ana zala za munthu wopempha ntchito yolima.

Mawu oyamba amene ndinaphunzira kulemba ndi dzina limenelo. Lili pa khadi la nyumba ino, pa mtchatho wa ukwati wanga, pa mapepala obadwira a ana anga onse. Ndi limene adzalembe pamanda panga. Ana anga amadziwa kuti bambo wawo ndi ngwazi imene inabwera ndi miyendo yake. Sankadziwa kuti ndinabwera ndi dzina lakuba, lobera munthu wodwala.

Odziwa kuno anali awiri okha: mkazi wanga, amene tinamuika zaka zapitazo, ndi mnzanga wa mudzi umodzi amene amakhala ku Unit D.

"Wakuuza ndani zimenezi?" ndinamufunsa mdzukulu uja chifuwa chitaleka.

"Hapana, Sekuru. Palibe. Ndangoganiza ndekha."

"Bwanji mkulu wake? Bwanji osati munthu wongokumana naye panjira?"

"Chifukwa cha mlendo sichipweteka. Cha m'bale chimapweteka."

Ndinamuyang'ana m'maso. Maso ake ndi a agogo ake aakazi, aja sankaonetsa ngati mphika uli ndi kanthu kapena ulibe.

Mmawa mwake ndinakwera kombi ya ku Unit D. Mnzanga uja ndinamupeza atakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, akukonza wailesi imene inafa kalekale.

"Iwe nkhalamba, pakamwa pako payamba kudontha?"

"Moni kaye, chimkokomo iwe. Ndinakumva uli pa siteji."

"Mdzukulu wanga wamuuza chiyani za chitupa?"

Anaika sikuludiraiva pansi nkundiyang'ana.

"Ine ndikanafuna kukuulula, ndikanadikira mano athe m'kamwa? Unandilanda mpando wa tcheyamani wa bungwe lathu la maliro, sindinanene. Unandinena pagulu kuti ndinalira m'bwato, sindinanene. Lero ndinene kwa kamtsikana kamene sindikadziwa ndi nkhope yomwe?"

"Kakudziwa. Kanakupatsa mpando pa ukwati uja."

"Ndiye mpando umagula chinsinsi? Iwe ndi amene umalankhula ngati galimoto ya malonda. Mwina unabwebweta wekha uli mtulo pakhonde."

Sindinamukhulupirire kwenikweni, koma ndinabwerera ndi nkhawa yatsopano. M'kombi ndinayamba kuwerenga anthu. Mkazi wanga podwala ankasamalidwa ndi mwana wanga wa ku Nyatsime uja, ndipo mdzukuluyu ndi amene ankamusambitsa. Munthu akaona kuti njira yafupika amamasula mitolo. Kodi anamasula ndi wanga womwe? Ndinaganizanso za anthu a m'maofesi, aja akhala akutizunguza ife obwera ndi mapepala. Kompyuta ija inkajambula mawu anga onse. Ankapita nawo kuti? Ndinayamba kubisa khadi la nyumba pansi pa matiresi. Mdzukulu akalowa kuchipinda kukandiyalira, ndinkaima pakhomo ngati ndikufuna nsapato.

Kumuletsa sindikanatha. Kukana chitupa cha m'gemu kunali kuvomera cha m'bokosi. Fisi akagwa m'mbuna salankhula. Ndinangoti ndikhale chete ndione kumene akulowera, ngakhale kukhala chete si ntchito yanga.

Patapita masabata angapo anabwera masana dzuwa likuswa mtengo, nkundipatsa foni m'manja.

"Yesani, Sekuru. Mundiuze ngati zikuoneka zoona."

Kamunthu kaja kanayenda nkufika pa mlatho. Wapolisi anatulukira, nkufunsa dzina. Pansi panabwera mayina atatu opeka, ine nkusankha logwirizana ndi chitupa. Ndinawerenga mochedwa koma ndinalipeza. Tinadutsa. Pa sitolo wapolisi wina, mayina atatu, tinadutsa. Pa famu chimodzimodzi. Mdzukulu ankandiyang'ana, osati foniyo. Ndinadziuza kuti uwu ndi msampha, ndingoti zili bwino, azipita.

"Anzanga akuti tsopano ikuopsa," anatero. "Akuti wapolisi akafika mtima umagunda."

Pamenepo ndi pamene matama anandigulitsa.

"Anzakowo sadziwa kanthu. Wapolisi saopsa. Dzina la papepala munthu amaliloweza tsiku limodzi, amatha kulitchula ngakhale atamudzutsa ndi mbama. Choopsa chili kumbuyo. Uli pagulu, waima ndi anthu amene amakudziwa ndi dzina la papepala, kenako munthu wa kwanu akuitana dzina limene amayi ako anakupatsa. Mutu umadziwa kuti usayang'ane, koma khosi silinapite kusukulu. Limatembenuka lokha. Ntchito yonse ndi kuligwira khosilo. Umayang'ana chinthu chimodzi kutsogolo, kaya ndi tayala la basi, nkumaliwerenga mabawuti mpaka woitanayo atope. Ika zimenezo, osati masewera a ana a mayina atatuwa."

Nditamaliza ndinaona kuti manja ake sali pa kompyuta. Kumphambano amayi a tomato anali atayang'ana kuno.

"Sekuru," anatero motsitsa, "mabawuti a tayala mukuwadziwa bwanji?"

Fisi uja anali atalankhula ali m'mbuna. Ndinamuuza kuti alowetse mipando m'nyumba, ndipo zotsalazo amayi a tomato sanazimve.

Zinachitikira pa siteji ya mabasi ku Mbare, ndisanakwatire. Ndinali nditaima ndi bambo wa mtsikana amene ndinkafuna, agogo ake aakazi a mdzukuluyu. Bamboyo anali munthu wolemekezeka kutchalitchi, ndipo nkhani ya ukwati inali isanathe. Kumbuyo kunamveka dzina langa lenileni. Mawuwo ndinawazindikira, anali a msuweni wanga wa kumudzi. Anaitana katatu. Ine maso pa tayala. Apongozi anafunsa kuti munthuyo akufuna ndani, ine ndinati kaya, mwina woledzera. Basi yathu inabwera, tinakwera.

Patatha miyezi ndi pamene mnzanga wa ku Unit D anakumana naye msuweni uja ku famu ina. Msuweniyo anali atatumidwa ndi achimwene. Uthenga wake unali wakuti chitupa ndisunge, ndilibe nacho mlandu, ndingobwera adzandione. Pamene uthengawo unkandifika, achimwene anali ataikidwa kale.

Mdzukulu analandira foni ija. Kenako anati, "Ndikhoza kuchichotsa chitupacho, Sekuru. Ndibwezeretse mikango."

"Anzako aja adzaisiyanso panjira."

"Asiye."

Ndinamuyang'ananso m'maso muja. Ngati unali msampha, apa ankautsegula yekha kuti nditulukemo.

"Ukanati uziike, ukanaziika bwanji?"

"Mawu aitane kumbuyo katatu. Wosewera akagwira osatembenuka, wadutsa, koma uthenga saumva mpaka gemu kutha. Akatembenuka, wagwidwa, ulendo wathera pomwepo, koma wamva."

"Nanga wopambana ndi uti?"

"Sindimuuza. Asankhe yekha."

Ndinamuuza kuti aziike, koma asapatse munthu ndisanapite ku Nyatsime. Mwana wanga asamve za bambo wake pafoni ya m'kombi. Anavomera, nkunena kuti pakufunika mawu a woitanayo, ndipo sadziwa munthu wina amene mawu ake angadutse phokoso la mabasi. Anafunsa kuti tiitane dzina liti, lopeka kapena. Sanamalize. Ndinati abweretse kompyutayo pafupi. Ndinaitana katatu, monga anaitanira msuweni uja. Linali dzina langa lenileni, limene linali lisanatuluke m'kamwa mwanga chichokereni ku Dedza.

Ku Nyatsime ndinamupeza mwana wanga akuthirira masamba kuseri kwa nyumba yawo yosamaliza. Ndinamuuza zonse nditaimirira. Anatseka mpopi.

"Ndiye dzina lili pa mapepala athu ndi la bambo aakulu?"

"Ndi lawo."

"Munatimana ngakhale kudziwa kuti analiko. Tikanawatchulako m'pemphero." Anapukuta manja pachitenje. "Lowani, Baba, dzuwa ili."

Anakhala milungu iwiri osandiimbira, kenako anabwera ndi azichimwene ake kudzafunsa kuti bambo aakuluwo anali munthu wotani. Ndinawauza kuti anali wofatsa, ndipo mkango uja ndi iwo anakumana nawo, osati ine. Koma chimodzi ndinachiona tsiku lija kuseri kwa nyumba, ndipo sindinachiiwale: mwana wanga sanadabwe mokwanira. Munthu womva chinthu koyamba satseka mpopi bwinobwino chomwecho. Ndamufunsa, akuti sankadziwa. Mdzukulu nayenso amalumbira kuti anangoganiza yekha, kuti aliyense wodziwa kupanga gemu akanafika pomwepo. Mwina. Mkazi wanga sindingamufunse.

Mwezi watha ndinali pa siteji ya makombi pano pa St Mary's, ndikukangana ndi kondakitala wofuna kundikhazika pa injini. Kumbuyo kunamveka dzina lija, osati pafoni, koma la pakamwa pa munthu, mawu okalamba opanda mano. Kutsogolo kwanga kunali tayala la kombi, mabawuti ake onse poyera. Sindinawawerenge. Ndinatembenuka.

Anali mnzanga wa ku Unit D, atatsamira ndodo yake.

"Adzukulu anga akusewera chinthu china, ndamva chimkokomo chako m'menemo," anatero. "Zaka zonsezi ndakhala ndikuluma lilime, iwe nkukaligawira dziko lonse. Ndiyesenso, ndione ngati khosilo likugwiradi ntchito?"

"Yesa," ndinatero, "koma ukweze mawu. Ukuitana ngati wodwala."