Nkhunzi Imene Ndinaletsa Kuitema Miyendo

Asibweni anga, mlongo wawo wa amayi, amayenda mokoka mwendo wamanja, ndipo wochititsa ndine. Anthu pa Jenda amati ng'ombe ndiyo inawapweteka. Sakunama, koma ng'ombeyo ikanagwa ngati zinzake zonse ndikanakhala kuti ndinatseka pakamwa panga.

Nthawi imeneyo ndinali m'chaka chomaliza ku sukulu ya ukachenjede, ndipo ntchito yanga inali yovuta kuifotokoza kumudzi. M'kati mwa bondo muli mtsempha woyera, wolimba, umene umamanga fupa lapamwamba ndi lapansi kuti asasemphane. Ukauona umakhala ngati chingwe chouma, koma uli ndi madzi. Munthu akaponda mwamphamvu mtsempha umakokeka, madzi aja n'kufinyika, ndipo akapumula amabwereramo, monga chimachitira chinkhupule. Ine ndinamanga chifaniziro cha mtsempha umenewu pa kompyuta, chokhala ndi timabowo tosawerengeka, n'kumawerengetsa m'mene madzi amadutsira. Ndikadina batani mitundu inkayenda pagalasi, yofiira pamene madzi apanikizika, yobiriwira pamene adutsa bwino. Ndisaname, ndinkadzimva kwambiri.

Aphunzitsi anga sanatengeke nayo mitunduyo. Anati manambala anga onse ndi obwereka m'mabuku, ndipo sadzasainira ntchitoyo ndisanayeze mtsempha weniweni wa m'bondo la mwendo wakumbuyo wa ng'ombe yongophedwa kumene, wathunthu, wosakhudzidwa ndi chitsulo. Ndinapsa mtima masiku awiri, kenaka ndinakwera basi ndi kabokosi ka ayisi ndi botolo la madzi amchere, n'kukatsikira pa Jenda.

Asibweni anayamba kupha ng'ombe ine ndisanabadwe. Kophera kwawo kunali kuseri kwa msika, kasimenti pang'ono ndi chipilala chachitsulo chokumbiridwa pansi. Kapheredwe kake ndinkakadziwa kuyambira ubwana. Amamanga chingwe m'nyanga n'kuchikulunga pa chipilala, wina n'kuzembera kumbuyo ndi nkhwangwa, n'kutema miyendo yonse iwiri pamene imapindikira chakumbuyo. Ng'ombe imangokhala pansi ikubuula, mpeni n'kupita pakhosi. Ndi nkhanza, ndipo ndinakula ndikudana nazo, koma palibe amene anapwetekerapo.

M'mawa umenewo ndinawauza kuti nkhwangwa isakhudze miyendo yakumbuyo, chifukwa chimene ndadzera chili pomwepo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anayang'ana nkhunzi. Inali yakuda, ya linunda lalikulu, yogulidwa kumidzi ya kumalire, ndipo inali itanunkhiza kale magazi a pasimenti paja.

"Muphwa wane, iyi njakusuzga chomene," anatero m'chiyankhulo chakwathu, kundiuza ine mwana wa mlongo wawo kuti nkhunziyo ndi yovuta kwambiri. "Tikapanda kuitema, mbwenu itivuta."

Ndinawayankha mwa Chizungu chosakaniza, chija timayankhula ana asukulu tikafuna kuti mkulu achite manyazi. Ndinati kwina konse ng'ombe amaigwetsa ndi zingwe, ndi kuno kokha kumene anthu akadali m'mbuyo. Ndinawonjezera kuti digiri yanga yonse yagona pa miyendo imeneyo. Anzawo awiri ogwira nawo ntchito anaseka, wina n'kufunsa ngati kompyuta imadya nyama. Asibweni sanaseke. Ine, mwana wa mlongo wawo, ndinali woyamba pabanja kufika ku sukulu yotero, ndipo ankandinyadira mpaka pa mowa. Anatsamiritsa nkhwangwa pakhoma n'kuitanitsa chingwe china.

Anakola mwendo wakutsogolo bwinobwino. Mavuto anayamba atafuna kukola wakumbuyo. Nkhunzi inaponya mutu m'mwamba, chipilala chinagwedezeka, ndipo mmodzi wa anzawo aja anakokedwa ndi chingwe n'kukhwekhwerezeka pasimenti mpaka khungu la m'mikono kusupuka. Winayo anaimenya ndi chibonga pamphuno. Magazi anatuluka, koma m'malo mofooka inachita ngati yathiridwa moto. Inazungulira chipilala kawiri, chingwe cha m'nyanga n'kumasuka pang'ono, ndipo thako lake linafika pamene panali asibweni atawerama ndi chingwe m'manja.

Inawaponda mwamphamvu. Chiboda chinawapeza pambali pa bondo, mwendo uli chiimire pansi. Phokoso lake ndimalimvabe, ngati munthu akuthyola nzimbe yaiwisi. Mwendo unapindikira kumene mwendo wa munthu supindikira, ndipo anagwa chagada osalira n'komwe, pakamwa pali yasa. Nkhunzi inabwerera m'mbuyo n'kuwapondanso pantchafu.

Zimene zinatsatira sizinalinso kupha ng'ombe yogulitsa, kunali kubwezera. Wosupuka mikono uja anathamangira nkhwangwa. Anaitema nkhunziyo mwendo wakumbuyo wamanzere, nkhwangwa inatsetsereka n'kung'amba nyama, anatemanso kachiwiri ndi kachitatu mpaka fupa linaphulika. Anthu a mumsika anabwera ndi mitengo, wina ndi chikwanje, wina ndi mwala, aliyense kumenya pamene wafikira. Diso limodzi linatuluka. Inagwa chammbali ikuphupha, ndowe ndi magazi zikusakanikirana, ndipo mpeni utafika pakhosi inali itatsala pang'ono kufa kale. Ine ndinali nditakakamira kukhoma, nditakumbatira kabokosi kanga ngati kandipulumutsa.

Asibweni anawakweza pa galimoto yonyamula chimanga kupita nawo kuchipatala cha mishoni. Ndinafuna kukwera nawo, koma anandikaniza ndi dzanja. Anati nditenge kaye chimene ndadzera, kuti kupweteka kwawo kusapite pachabe. Ndinatsala, ndipo mpaka lero ndimachita nazo manyazi.

Atasenda chikopa, wosupuka mikono uja anandiponyera mwendo wotemedwawo wonse pamapazi. Ndinagwada n'kuyamba kufukula pamene panatemedwa paja. Ndinapeza timafupa tambiri tophwanyika, koma mtsempha umene ndinauzolowera pagalasi panalibe, ngakhale zidutswa zake. Ndinakwera ndi mpeni m'mwamba, kutsata fupa, mpaka pafupi ndi mimba, m'kati mwa nyama yambiri. M'menemo ndi mmene munali bondo lenileni. Mtsempha unali phee, woyera, wonyowa, wopanda ngakhale kachilonda, pa ng'ombe imene inatemedwa katatu. Pamene ndinkaletsa paja sipanali pa bondo ayi, panali pa chidendene. Chaka chonse ndinkazunguza mtsemphawo pa kompyuta uku ndi uku, koma ndinali ndisanafunsepo kuti pa ng'ombe yamoyo umakhala pati.

Ndinafika kuchipatala madzulo dzuwa lisanalowe. Bondo la asibweni linali litatupa ngati dzungu, ndipo adokotala anati mitsempha ya m'kati yaduka. Sanafunikire kundifotokozera zambiri. Ndinkadziwa kumene madzi onsewo achokera, ndiponso kuti mtsempha umenewo ukaduka sulumikizana wokha. Nzeru zonsezo sizinachotse ululu ngakhale pang'ono, zinangondiwonjezera mantha.

Asibweni anandifunsa ngati ndakapeza kanthu kanga kaja. Ndinati eya. Anapempha kuti akaone, popeza mwendo wawo wapita chifukwa cha iko. Mtsemphawo ndinali nditautsekera mu ayisi, choncho ndinatulutsa kompyuta m'chikwama, kwa nthawi yoyamba pamaso pawo, n'kuiika pabedi. Ndinadina batani, mitundu inayamba kuyenda. Iwo sanasamale za mitundu. Anayandikitsa nkhope, n'kutsata mtsemphawo ndi chala chokhala ndi magazi ouma m'chikhadabo.

"Aka?" anafunsa. "Aka kamakhala m'mwamba, kufupi ndi mimba. Nkhwangwa sifikako kumeneko. Timaponyera agalu tsiku lililonse."

Ndinavomera ndi mutu. Anandiyang'ana osakalipa, ndipo ndikanakonda akanandimenya.

"Ukanandionetsa m'mawa muja, mbwenu ndikanakudulira tiwiri," anatero. "Chotsa chinthu chakochi, chikundilemera pamwendo."