Tsiku limene tinaika Lusekelo ndi makina ake

Ndinadzuka kusanache. Kunena zoona sikunali kugona, ndinangotsamira nkhokwe ya mpunga, amayi a kumpingo akuimba m'nyumba momwe munali thupi la mng'ono wanga Lusekelo. Pamoto wa amuna panali patatsala makala okha.

Lusekelo ankaphunzitsa zauinjiniya ku yunivesite ku Blantyre. Matenda atakula anabwerera kwathu ku Lupembe, atanyamula makina ake: kachitsulo konga wailesi, mawaya ali balala. Ankati akadzawamaliza, azidzadziwa okha kuti munda wa mpunga wauma, n'kuyatsa pampu popanda munthu. Ine ndinkamuseka kuti wapeza wantchito wosadya. Koma zaka zimenezo, kufupi ndi malire a Tanzania, munthu wosunga chinthu cha mawaya ankamunena kuti amalankhula ndi zigawenga. Dzulo lake pasiwa ndinali nditamva anyamata awiri a chipani akufunsana kuti wailesi ya malemu ili kuti.

Mantha anandigwira, ndipo ndimaganiza za ana anga. Ndinalowa kuchipinda n'kukulunga makinawo m'bulangete lake. Kalipentala anali atasiya bokosi kuseri kwa nyumba. Ndinaika mtolowo m'bokosimo, kumapazi. Pogoneka thupi palibe anafunsa, poti munthu amapita ndi chofunda chake.

Dzuwa linatuluka ndi ukali. Azimayi anasonkha moto pansi pa mitengo ya mango, ena akusenda nthochi zophika ndi nyama zimene kwathu timati mbalagha, utsi uli tolo. Anthu anayamba kufika, a ku Uliwa panjinga, a ku Vinthukutu pangolo, aphunzitsi ndi ana awo a sukulu pamzere. Amayi athu mawu anali atawathera, ankangoti "mwana wane" chapansipansi. Chakumasana inafika galimoto ya ku yunivesite ili mbuu ndi fumbi, mukutsika abambo atatu ovala majekete, thukuta lili kamukamu.

Ponyamuka ndinathamangira kugwira bokosi kumapazi, ndipo sindinalole kuti wina andilandire mpaka kumanda. Anthu anati ndi chikondi.

Abusa atatha, anaimirira mmodzi wa alendo aja, wa imvi. Analankhula mwachidule.

"Ntchito yonse ya mnzathu ili m'makina amene anabwera nawo kuno. Ena palibe. Abale mukatipatsa tikamalizitsa, ndipo azidzatchedwa dzina lake."

Ndinayang'ana anyamata a chipani aja. Ankagwedeza mitu. Tcheyamani wawo anafika poimirira n'kuthokoza kuti mwana wa ku Lupembe ankabweretsa chitukuko. Mwina dzulo ankangofuna kuwaona makinawo, ngati wina aliyense.

Bokosi linali lisanatsike. Linali pomwepo, pamitengo iwiri, pafupi ndi mapazi anga. Ndikanatha kunena. Koma ndani anatsegulitsapo bokosi pamanda, khamu lonse likuona, amayi ake ali pomwepo? Manyazi anandimanga pakamwa kuposa mantha a m'mawa aja. Adzukulu anagwira zingwe. Monga mkulu wake, ndine amene ndinayamba kuponya dothi.

Alendo anadya n'kunyamuka, atanena kuti adikira kuti banja lipume kaye. Ndinawaperekeza mpaka pamsewu, ndikuvomera chilichonse.

Madzulo pakhomo panali zii. Mphasa zinali zitapindidwa, phulusa lokha lili mulumulu pabwalo. Ndinapeza mlamu wanga, mkazi wa Lusekelo, namwino wa ku Dedza, atagwada kuchipinda akusanthula m'masutikesi.

"Alamu, makina aja simunawaone? Anandiuza kuti ndikawapereke kwa anzawo ndi manja anga. Ndi chokhacho chimene anandipempha."

Ndinati mwina wina wawasuntha pachipwirikiti.

"Ndiye ali m'nyumba momwe muno," anatero. "Tandiunikireni kunsi kwa bedi."

Ndinatenga nyali, ndinagwada pambali pawo, n'kuwaunikira.